Makina Akayasamula

Mlandu uwu unafika kwa ine chifukwa anzanga onse anauthawa. Ku ofesi kwathu nkhani ikangotchula kompyuta, amuna akuluakulu amayamba kudandaula msana, ndiye fayilo imayenda desiki ndi desiki mpaka kukagwera ine, mayi amene ngakhale foni yanga ndimaiopa. Abwana anaiponya patebulo panga n'kundiuza kuti ndisadzivutitse. Wakuba anali kale m'chitolokosi, chotsala chinali kungosoka nkhani bwinobwino kuti ikaime kukhoti sabata yamawa.

Nkhani yake inali yotere. Madalaivala a malole ali ndi bungwe lawo, ndipo bungwelo lili ndi malo ochezera pa intaneti amene iwo amawatcha Bwalo. Aliyense amalowamo pa foni ndi dzina lodzipatsa yekha, n'kumachenjezana za msewu: pamene pagwa mlatho, pamene pali matope, pamene pabisala anyamata oipa. Dalaivala wina atanyamula matayala atsopano analandira uthenga wa iye yekha wochokera kwa munthu wotchedwa Tcheru, womuuza kuti asiye msewu waukulu adzere njira ya kokumba miyala. Anamvera. Kumeneko, masanasana, anapeza mtengo utagona pamsewu ndi amuna a zikwanje akumudikira. Lole anamusiyira, koma matayala onse anapita.

Vuto linali lakuti Tcheru anali atamwalira kalekale.

Amene anatsekeredwa anali mtsikana wosamalira makina a Bwalolo, amene madalaivala amangomuti Wamakina. Maganizo a abwana anali achidule ngati khosi lawo: anyamata athu anayang'ana m'fayilo yosunga mayina, sanapeze chizindikiro chilichonse chakuti dzina la Tcheru linalowa tsiku limenelo, ndiye kuti wina anafufuta, ndipo wodziwa kufufuta ndi mtsikanayo basi. Ndikanati ndingosayina, mwana wa eni akanapita kundende. Ine ndili ndi matenda anga: nkhani ikakhala yosalala kwambiri, imandiyabwa.

Ndinayamba ndi dalaivala wa matayala. Anali bambo wamtali wochokera kutali, dzanja lili m'bandeji, wolankhula pang'onopang'ono ngati akukwera chitunda atasenza katundu. Ndinamufunsa chimene aliyense akanafunsa, kuti munthu wamoyo amamvera bwanji malangizo a munthu wakufa.

"Sindinkadziwa kuti anatisiya, mayi," anatero. "A Tcheru nkhope yawo sindinaionepo. Koma zaka zonsezi akati ima, ndinkaima, ndipo sanandinamizepo. Kale m'Bwalo tonse tinkadziwana. Pano tachuluka, uthenga wa maliro umakwiririka ndi macheza usanauone."

Ndinamupempha kuti akumbukire chilichonse cha nthawi imene uthengawo unafika. Anaganiza nthawi yaitali moti ndinayesa wagona. Kenako anati anali ataima akumwa madzi, akudikira kuti makina amalize kuyasamula, ndipo atangomaliza, uthenga uja n'kulowa. Atafuna kuyankha kuti athokoze, patapita kanthawi pang'ono, foni inamuuza kuti dzina limenelo kulibe.

Ndinalemba mawu akuti kuyasamula, n'kuwatsekera mzere kunsi. Sindinkadziwa kuti makina nawonso amagwidwa ndi tulo.

* * *

Wamakina anamutulutsa m'chitolokosi atavala juzi ya munthu wina, yaikulu moti manja ake sankaoneka. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, msinkhu wa mwana wanga woyamba, maso atatupa koma mutu ataukweza. Nditangotchula za kuyasamula, nkhope yake inasintha. Anati ndine woyamba kufunsa funso lanzeru chimubweretsereni kuno. Ndinamuuza kuti asandikometsere, angofotokoza ngati akufotokozera azakhali ake.

Anafotokoza bwino. Pulogalamu ya Bwalo imasunga mayina onse m'mutu mwake, ndipo pakapita kanthawi imaima n'kuwalemba onse m'fayilo imodzi, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Anthu ali ochepa, kulembako kunkatha munthu asanaphethire. Tsopano fayiloyo inanenepa, moti ikamalembedwa Bwalo lonse limangoti zii, palibe uthenga wolowa kapena wotuluka. Kumeneko ndiye kuyasamula. Macheza enieniwo sasungidwa paliponse, chifukwa madalaivala anakana kuyambira pachiyambi kuti zolankhula zawo zizikhala penapake.

Nanga dzina la malemu linapezeka bwanji poyera? Anati komiti, pofuna kuti fayilo iphweko, inalamula kuti dzina lililonse limene lakhala nthawi yaitali osalowa lizichotsedwa. Dzina likachotsedwa limakhala lopanda mwini, aliyense akhoza kulitola.

"Munthu akalitola makina atangoyasamula kumene, n'kulitaya asanayasamulenso, fayilo siimudziwa," anatero. "Palibe chimene ndinafufuta, mayi. Sichinalembedwe n'komwe."

Ndinamukhulupirira, ndipo mtima unayamba kupepuka. Koma m'fayilo ya abwana munali chinthu china. Tsiku limene anamugwira, anamupeza akuyang'ana malo ena osungiramo zinthu m'makinamo, amene iye amawatcha nkhokwe yachiwiri, ndipo atamuuza kuti atsegule anakana kwamtuwagalu. Ndinamufunsa kuti muli chiyani. Anati muli mauthenga odikira, amene munthu amasiyira mnzake yemwe sali pa Bwalo nthawi imeneyo kuti akawapeze akalowa. Anawachotsa m'fayilo yaikulu n'kuwaika paokha kuti kuyasamula kufupikeko. Ndinamufunsa chimene ankafuna mmenemo tsiku lija. Anayang'ana khoma.

Ndinamunyengerera, ndinamuopseza, ndinamukumbutsa kuti ndende si kwa agogo ake. Ndinapsa mtima ndithu, chifukwa palibe chowawa ngati kufuna kuvuula munthu m'madzi iye atapinda manja.

"Zili mmenemo si zanga," anatero motsitsa mawu. "Ngati n'kundende, ndipita."

* * *

Makina a Bwalo amakhala kuseri kwa galaja ya a Makaniko, mmodzi wa akomiti. Ndinkayembekeza chipinda chozizira chowala magetsi. Ndinapeza kachipinda kosungiramo mafuta, kompyuta imodzi yakuda itakhala pashelefu pakati pa zitini za girisi, fani yapatebulo ikuipepesa mphepo, pansi pali mabatire a lole oti magetsi akazima igwirepo. Miyoyo ya madalaivala osawerengeka inkadalira kabokosi kameneko.

A Makaniko anali bambo wamimba, woseka asanayambe kulankhula. Atandiona ndikuyang'anitsitsa mulu wa matayala pakona, anagwira mutu.

"Yang'anani bwinobwino, bwana, onsewo ndi madazi ngati ine. Ndikanaba atsopano bwenzi ndikuoneka chonchi?"

Analidi akutha, onse. Tsiku la umbavalo iwo anali pansi pa basi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwini basi ataimirira pamutu pawo akuwatukwana, ndipo mwini basiyo nditamuimbira anavomera, n'kuwonjezera kuti akufuna kuwatukwananso. Foni yawo inali m'kabati chifukwa manja anali a oyilo.

Tili mkati molankhula anandionetsa foni. Macheza anali kutsika ngati madzi, kenako anangoima. Tinadikira. Iwo anayasamuladi mwadala, kukamwa konse, mpaka mauthenga anayambanso kuyenda. Ndinawafunsa ngati madalaivala amadziwa chimene chimachitika nthawi imeneyo. Anati ayi, iwo amangotukwana netiweki. Odziwa kuti makina akulemba mayina ndi okhawo amene anali pa msonkhano wina umene unabutsa mkangano: iwowo, Wamakina, ndi a Kalaliki a bungwe, amene amagawa katundu kwa madalaivala kudepoti.

Mkanganowo anaufotokoza mokoma ngati mpira. Mtsikanayo ankafuna kusamutsira zonse m'kasungidwe katsopano, kolemba chinthu chilichonse nthawi yomweyo chikangochitika, pa makompyuta awiri, kuti ina ikafa ina itenge. Anajambula pabolodi, anatuluka thukuta. A Kalaliki anamutsutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, kompyuta imodzi yatilera zaka zonsezi, chofunika n'kungochotsa mayina ogona. Mtsikana anapempha kuti dzina la Tcheru lokha alisiye, popeza ndiye anayambitsa Bwalo. A Kalaliki anati lamulo lilibe m'bale. Akomiti ena, amene sanabwere n'komwe, anangotsata a Kalaliki.

"Inu munatsata ndani?" ndinafunsa.

"Ine ndinatsata tulo, bwana. Zimenezija anamvetsa ndi a Kalaliki, mitu ya sukulu." Kenako kuseka kunawathera. "Koma mwana uja si wakuba. Magetsi akazima amabwera kuno wapansi, mvula ikugwa, kudzaona ngati kabokosika kakupuma. Mumutulutse."

* * *

Ofesi ya a Kalaliki inali yosesedwa bwino moti ndinachita manyazi ndi nsapato zanga. Pawindo pankaoneka malole ali pamzere. Iwo anali bambo woonda wa tayi, wa mawu ofewa, amene chiganizo chilichonse amachiyamba ndi kupepesa. Anandikokera mpando, anandipatsa madzi ozizira, anadandaula kuti dziko laipa.

Anavomera kuti katundu wa matayala anamugawa ndi iwo, koma anati zimenezo si chinsinsi, theka la depoti linaona lole ikupakiridwa. Tsiku limenelo sanachoke pa desiki, ndipo anthu ambiri akhoza kuchitira umboni. Ndinagwedeza mutu, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti ntchito imeneyi siinkafuna miyendo, inkangofuna chala ndi foni. Za Wamakina anati akumumvera chisoni, koma ndi mwana wamwano. Chichitikireni msonkhano uja sanalankhulane ngakhale liwu limodzi, akakumana pakhomo mtsikanayo amayang'ana kumbali. Anabwereza kawiri kuti ndilembe zimenezo.

Ndinawafunsa ngati pali wina amene akanafuna kugwiritsa ntchito dzina la malemu. Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali, ngati munthu amene akulimbana ndi chikumbumtima.

"Pepani, mayi, sindikonda kunena anthu. Koma mwawaonako akazi a malemu? Foni ya amuna awo ili ndi iwo. Ndipo chisoni chimasokoneza mutu, mwaona. Mayi wamkulu ngati uja akuti lole ya malemu sagulitsanso, akufuna aphunzire kuiyendetsa yekha. Munthu woganiza choncho, pepani, akhoza kuchita chilichonse."

Ndinawathokoza. Ndinatuluka ndili wokhumudwa, chifukwa ndinkaona kuti ndikungochotsa mayi mmodzi m'chitolokosi kuti ndilowetsemo wina.

* * *

Akazi a Tcheru ndi telala. Ndinawapeza pakhonde akusoka mayunifolomu a sukulu, mapini ali kukamwa. Pabwalo panaima lole yakale yofunditsidwa lona, matayala ake atatchingidwa ndi njerwa. Anali mayi wamfupi wa maso akuthwa, wosataya mawu. Nditafunsa za foni ya amuna awo analowa m'nyumba, n'kubwera nayo itakulungidwa mumpango. Batire lake linali litatupa mpaka kukankha chivundikiro. Foni imeneyo ngakhale mneneri sakanaidzutsa.

Ndinawafunsa za tsiku la umbava. Anali kusukulu kuyeza ana, aphunzitsi akhoza kunena. Za Wamakina anangoti ndi mwana wabwino, n'kupitiriza kupalasa makina osokera. Ndinaona kuti ulendo wanga wapita pachabe, ndiye pofuna kutsanzika bwino ndinaloza lole ija n'kunena mwanthabwala kuti akadzaphunzira kuyendetsa adzanditengeko ulendo woyamba.

Makina osokera anaima. Analavulira mapini m'dzanja limodzi limodzi.

"Wakuuzani ndani zimenezo?"

Ndinati ndangomva kwa anthu.

"Palibe munthu amene akudziwa," anatero. "Ngakhale ana anga. Ngakhale mchemwali wanga. Ndinauza munthu mmodzi yekha, ndipo iyeyo ali kumanda."

Ndinakhalanso pansi, ndipo iwo, atazengereza, anandiuza zonse maso ali pa nsalu. Amuna awo atamwalira, m'nyumba munali chete wosapiririka. Iwo analinso ndi dzina lawo m'Bwalo, limene ankalankhulira ndi amunawo akakhala paulendo. Tsiku lina anangotenga foni n'kuwasiyira uthenga wodikira monga kale, wakuti denga likudontha. Mawa lake analembanso. Anazolowera. Ankawauza za ana, za makasitomala ovuta, za abale amene ankakakamiza kuti lole igulitsidwe. Ankadziwa kuti palibe wowerenga, misala analibe, koma mtima unkatsika. Za kuyendetsa lole analemba masiku ochepa umbava usanachitike, ndipo atalemba anadziseka okha.

Wamakina ankadziwa. Dzina la Tcheru litachotsedwa, iye ankayenera kusesa mauthenga onse olidikira, monga ankachitira ndi mayina ena. M'malo mwake anabwera kunyumba kuno, anakhala pa mpando womwe ndinakhalapo ine, n'kunena kuti waona kuti pali mauthenga ambiri ochokera kwa iwo, sanawawerenge, sawachotsa, ndipo sauza munthu. Anati lembanibe, mayi, malo alipo.

"Ndiye mwanayo ali m'chitolokosi chifukwa chosunga manyazi anga?" anafunsa.

Iwo anali atayamba kale kufunafuna nsapato.

* * *

Tinalowa awiri kukamuona. Wamakina atawaona mayiwo anaphimba nkhope ndi manja a juzi ija. Iwo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti alankhule, amumasula pa lonjezo lake.

Zotsalazo zinatuluka mosavuta. Nkhokwe yachiwiri siifunsa ngati mwini dzina ndi yemwe uja wakale. Imangoona dzina. Munthu akalowa ndi dzina limene lili ndi mauthenga odikira, imamukhuthulira onse pa foni yake nthawi yomweyo, kwa iyo n'kutsala mbee. Atamva za umbava, Wamakina anathamangira kukayang'ana, napeza mauthenga onse a mayiwo atapita. Anadziwa kuti wakubayo wawalandira. Koma kunena zimenezo kukanatanthauza kuyala chisoni cha mayi wamasiye pamaso pa apolisi ndi madalaivala onse, mwinanso kuwapachika mlandu iwowo. Anasankha kutseka pakamwa. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, ndipo ndinanena ndi mtima wonse, misozi ili m'maso.

Wakubayo anawerengera bwino za fayilo yaikulu. Ankadziwa nthawi yolowa ndi nthawi yotuluka kuti asasiye phazi. Chimene sankadziwa n'chakuti pakhomopo pankamudikira mtolo wa mawu a mkazi kwa mwamuna wake. Akanakhala ndi ulemu akanawafufuta osawerenga. Koma anawerenga.

Ndinapita kwa abwana. Anamvetsera akutafuna cholembera, n'kunena kuti mwina mtsikanayo ndi amene anawerenga n'kuuza a Kalaliki. Ndinawapempha galimoto ndi anyamata awiri, n'kuwauza kuti funso limenelo tikawafunse eni ake.

* * *

A Kalaliki anatilandira ndi ulemu womwe uja, ngakhale ataona akazi a Tcheru kumbuyo kwanga anaiwala kutikokera mipando. Ndinawauza kuti ndangobwera kudzatsimikiza kanthu kakang'ono. Za mayiwa kufuna kuyendetsa lole, anamva kwa ndani?

Anati anamva kwa eni ake, pa tsiku lina atakumana pamsika.

"Ine ndi inu tinaonana komaliza pamaliro, bambo," anatero mayiwo, osakweza mawu.

A Kalaliki anapepesa, anati ukalamba, asokoneza. Anamva kwa mtsikana wa makina uja. Ndinatsegula kope langa n'kuwawerengera mawu awo omwe, amene anandiuza kuti ndilembe kawiri, akuti chichitikireni msonkhano sanalankhulane naye ngakhale liwu limodzi. Anati ndiye mwina anamva kwa madalaivala. Ndinafunsa kuti dalaivala uti, timuitane, malole ali panjapa. Anayang'ana pawindo. Anavula magalasi, anawavalanso. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu mpaka kunyowetsa kolala yawo yoyera.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Bamboyu phazi analisamala kwambiri, koma mlomo anausiya m'kope langa.

Mayiwo anasendera pafupi ndi desiki. Ndinaopa kuti awamenya, ndipo kunena zoona sindikanafulumira kuwagwira. Koma anangofunsa funso limodzi.

"Munawerenga onse? Ndi uja wa tsiku limene mwana wathu anadwala?"

A Kalaliki anaweramitsa mutu. Sanapepese, nthawi yoyamba chiwadziwireni.

Foni yachiwiri tinaipeza m'kabati, pansi pa mapepala a katundu, mauthenga a mayiwo ali momwemo. Dzuwa lisanalowe anatitengera okha ku nyumba yosamalizidwa ya mlamu wawo, kumene matayala anali ataunjikidwa mpaka kudenga, akununkhabe utsopano. Amuna a zikwanje aja anawatchula mayina tisanawafunse n'komwe.

* * *

Wamakina tinamutulutsa m'mawa mwake. Abwana anasayina pepala akung'ung'udza kuti iwo anali ataona kale kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina. Ndinawavomereza, chifukwa penshoni yanga ili pafupi.

Panja panali a Makaniko, atavala malaya oyera amene ankaoneka kuti ndi obwereka. Anamuuza mtsikanayo kuti komiti, kutanthauza iwowo ndi madalaivala amene anasonkhana kugalaja dzulo lake, yagwirizana kuti achite zonse zimene ankanena zija. Kompyuta yachiwiri ipezeka, shelefu akhoma kale, ndipo ulendo uno akamafotokoza iwo sagona. Mtsikanayo anaseka pang'ono, n'kunena kuti chinthu choyamba n'chakuti dzina la munthu lisamatoledwenso ngati chitsa cha fodya. Likagona lizitsekedwa, osati kutayidwa.

Koma maso ake anali pa akazi a Tcheru, amene anaima patali pang'ono atanyamula juzi yoyera bwino yoti asinthe. Anapita kwa iwo akukoka miyendo. Ndinali pafupi, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinatchera khutu, ndiyo ntchito yanga.

Anawapepesa. Anati akanasesa mauthenga aja monga analamulidwira, palibe mlendo akanawerenga za mumtima mwawo. Analonjeza kuwasunga, ndipo analephera. Mayiwo anamuvula juzi yachilendo ija ngati akuvula mwana wakhanda, n'kumuveka yawoyo, n'kumukonza kolala.

"Ukanasesa, ine ndikanalankhula ndi ndani miyezi yonseyi?" anatero. "Ndipo iwe bwenzi lero ukukwera galimoto ya kundende. Usalire. Amuna anga sanawerenge, koma wakuba amugwira."

Mtsikanayo analirabe, ndipo ine ndinayamba kufufuza chinthu m'chikwama changa chimene munalibe. Atatonthola anafunsa kuti dzina lija achite nalo chiyani, alitseke mpaka kalekale kapena ayi. Mayiwo anaganiza, akuyang'ana malole amene ankadutsa pamsewu.

"Litseke kaye," anatero. "Kulemba ndasiya, zonse ndinanena. Koma usalitaye. Ndikadzapeza laisensi ndidzabwera kudzalitenga, madalaivala asamasowe wowachenjeza."

Wamakina anapukuta m'maso ndi dzanja la juzi yatsopanoyo.

"Mudzalipeza, mayi," anatero. "Kusunga ndiye ntchito yanga."

Ananyamuka atatu, a Makaniko patsogolo akufotokoza za shelefu yawo, awiriwo m'mbuyo atagwirana manja. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo masiku ambiri ndimabwerera kunyumba mtima uli wolemera. Tsiku limenelo ndinaima pachipata mpaka anakhota pakona, ndili wosangalala ngati wotuluka m'chitolokosi ndine.